Kusintha mpeni wa gileda ya kumbuyo kwa thirakitala, werengani kaye musanaitane wowotcherera

Mvula ikamayandikira funso limakhala lomweli chaka ndi chaka: "achimwene, gileda yathu sikudula, ikungosisita msewu, titani?" kapena "mabawuti akana kumasuka, tingowotcherera basi?" Ena amandipeza pa Luchenza, ena pa Chitakale, ena foni usiku munthu utagona kale, nde ndati bola ndilembe kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Ndikunena gileda ija timakoka kumbuyo kwa thirakitala, yokoleka pa mikono itatu ya Massey Ferguson kapena New Holland, osati chigileda chachikulu chokonza misewu ya boma, ngakhale zambiri n'zofanana ndithu.

Tigwirizane kaye maina. Chitsulo chachikulu chopindika chija chimene chimakankha dothi ine ndizichitcha bodi. Mpeni ndi chitsulo chachitali chomwe chamangidwa ndi mabawuti kumunsi kwa bodiyo, mukapita ku mashopu a ku Limbe kapena Blantyre nenani cutting edge akumvani msanga. Mano ndi aja amakhala pa gileda ya bokosi, okumba msewu wouma usanasalazidwe. Mpeni anaupanga kuti uzitha, n'chifukwa chake ndi wa mabawuti ndipo uli ndi mbali ziwiri zakuthwa. Bodi sanaipange kuti izikhudza pansi, ikangoyamba kudyeka ndalama yake ndi ina.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi Seputembala kapena Okutobala. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amakhala wambiri, mathirakitala onse ali kalikiliki kututa masamba kupita nawo ku fakitale, ndipo masamba akachedwa panjira chifukwa thelala yatitimira amatentha n'kufiira, nde si nthawi yoti gileda ikhale pansi mukusaka bawuti imodzi. Komanso chidutsireni namondwe Freddy mu Malichi 2023 misewu ina ya m'midzi kuno dothi lapamwamba linakokoloka kwatsala miyala yokhayokha, mpeni ukutha msanga kuposa kale.

1. Tsukani, kenako yezani.

Katondo wathuyu akauma pa chitsulo amabisa chilichonse, ming'alu, bawuti yoduka, zonse. Tsukani ndi madzi, palani ndi bulashi ya waya. Mukatero pitani kumbuyo kwa bodi muone kuti mpeni watsala wotalika bwanji kupitirira m'munsi mwa bodi. Ngati watsala ngati kunenepa kwa chala chimodzi, masentimita awiri kapena kucheperapo, nthawi yakwana. Musayeze malo amodzi, yezani kumapeto konse kuwiri ndi pakati, kapena kokani chingwe kuchoka ngodya ina kufika ina. Kawirikawiri mpeni umadyeka kwambiri pakati poti msewu ndi wokwera pakati, pena ngodya imodzi yokha ngati dalaivala amakonda kutsegulira ngalande mbali imodzimodzi. Pomwe padyeka kwambiripo ndi pomwe muyendere, osati pomwe patsala pambiri.

Cholakwika chimene anthu ambiri amachita ndi kudikira kuti "uthe kaye bwinobwino". Ukadyeka mpaka kufika pafupi ndi mabowo a mabawuti ndiye kuti olo mbali inayo ili yatsopano simungautembenuzenso bwino, chifukwa mbali yodyekayo ikapita m'mwamba ilibe chitsulo chokwanira chotsamira pa bodi, mpeni umayamba kuvina n'kudula mabawuti. Mwataya theka la mpeni lomwe munalipira kale.

2. Gulani zonse musanamasule kalikonse.

Ngati mbali yachiwiri ikadali yabwino mukungofunika mabawuti ndi manati atsopano. Ngati zonse zatha, yezani kutalika kwa mpeni, mulifupi, kunenepa kwake, ndi mtunda wa pakati pa bowo ndi bowo, kuyeza kuchoka pakati pa bowo kufika pakati pa linzake. Zinthuzi zambiri amayeza m'mainchi, mpeni wa gileda zing'onozing'ono umakonda kukhala theka la inchi kunenepa ndi mainchi 6 mulifupi, mabowo ena amatalikirana mainchi 6 ena 12, ndipo akumapeto nthawi zambiri amakhala oyandikana. Musadalire kukumbukira, dulani katoni muike pa mpeni mugogode ndi hamala mabowo adindike, mupite nayo katoniyo. Ulendo wa ku Limbe kawiri chifukwa bowo laphonya ndi theka la inchi umawawa.

Mabawuti ake si wamba, dzina lake ndi plough bolt. Mutu wake ndi wolowa mkati kuti ufanane ndi nkhope ya mpeni, ndipo pakhosi pake ndi pa ngodya zinayi kuti ikakhala m'bowo isamazungulire. Ambiri ndi a 5/8 ya inchi kunenepa. Funsani a Grade 8, pamutu pamakhala timizere 6. Apa pali msampha: wogulitsa akupatsani yolembedwa 8.8 n'kumati ndi yomweyo. Si yomweyo ayi, 8.8 ndi muyeso wa mamilimita ndipo ndi yofewerapo, yofanana mphamvu ndi Grade 8 ndi 10.9. Manati akhalenso olimba chimodzimodzi, ndipo mugule awiri atatu apadera. Bawuti ya mutu wa sipanala musaikepo olo mutapanikizika bwanji, mutuwo umatulukira kunja, dothi limaudya masiku ochepa mpeni n'kugwa mu msewu.

Mpeniwo uyeseni pa shopu pomwepo ndi fayilo. Chitsulo chenicheni cholimbitsidwa fayilo imaterereka, ikamaluma mosavuta n'kumatulutsa ufa ndiye kuti akugulitsani flat bar yoboola mabowo, imeneyo pa msewu wa miyala wa ku Thyolo sichedwa.

3. Ikani gileda poti singakugwereni.

Malo afulati, olimba. Handibuleki, giya, injini yozima, kiyi m'thumba mwanu osati pa thirakitala pomwe mwana wa sukulu angakwerepo. Kwezani gileda pang'ono, ikani zipika za bulugama zonenepa pansi pa felemu mbali zonse, kenako tsitsani kuti kulemera konse kukhale pa zipikazo, mpeni ulendewere masentimita ochepa kuchoka pansi. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Haidroliki yokha musaikhulupirire, ya thirakitala zakale imatsika yokha pang'onopang'ono injini ikazima, ndipo munthu akangogunda liva mwangozi imagwa kamodzi. Mpeni wa mafiti 6 umalemera makilogalamu 25 kapena kuposa, akuluakulu aja amafika 60, nde mukhale anthu awiri, nsapato zotseka, magulovu ndi magalasi a m'maso.

4. Kumasula mabawuti. Apa ndi pomwe pali ntchito yonse.

Mabuku amangoti "chotsani mabawuti akale" ngati ndi nkhani ya mphindi zisanu, koma gileda yomwe yakhala ikugona panja mu chiperoni ndi mvula ya Mulanje zaka zingapo, manati ake amakhala agwirana ndi bawuti ndi dzimbiri, ena adyeka ngodya sipanala sikugwiranso. Yambani dzulo lake. Palani ulusi wa bawuti womwe watulukira kuseri kwa nati ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chioneke, thirani WD-40 kapena dizilo, musiye usiku wonse, m'mawa thiraninso. Musanayese kumasula menyani nati iliyonse m'mbali ndi hamala kangapo, wina atatsamiritsa hamala ina yaikulu mbali inayo, kugunda kumeneko kumaswa dzimbiri mkati mwa ulusi.

Gwiritsani soketi ya ngodya 6 yokwana bwino, kawirikawiri nati ya 5/8 imafuna 15/16, ndi chogwirira chachitali chovekedwa paipi. Shifitingi sipanala isiyeni m'bokosi, imangozunguliza ngodya za nati kenako n'kukuphulitsani zala pa bodi. Kanjira kena: yambani ngati mukumanga, pang'ono chabe mpaka imve "kha", kenako bwererani kumasula. Ikayamba kuyenda n'kulimbanso musakakamize, bwezani, thirani mafuta, pitaninso.

Tsopano pali mavuto atatu omwe mukumane nawo, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake.

Loyamba, nati yakaniratu. Itenthetseni ndi gasi, natiyo yokha, mpaka iyambe kufiira, imafutukuka n'kusiya bawuti, masulani ikadali yotentha. Pukutani kaye dizilo yense musanayatse moto ndipo lawi lisaloze pa mpeni ngati mukufuna kuutembenuza, moto umafewetsa chitsulo cholimbitsidwa. Onaninso kuti palibe paipi ya haidroliki kapena tayala pafupi.

Lachiwiri, ndipo ili ndi lomwe limapengetsa anthu, nati ikuzungulira limodzi ndi bawuti. Chachitika n'chakuti mutu wadyeka ndi dothi kapena khosi la ngodya zinayi lija latha, nde palibe chogwira kutsogolo, mutu wake ndi wosalala mulibe poika sipanala. Poyamba yesani kuti mnzanu akanikize mutuwo mwamphamvu ndi chitsulo kuti khosi likhale m'malo mwake inu mukumasula. Zikakanika wotchererani kachitsulo kapena nati yakale pamutu pa bawutiyo, pamutu pokha, kuti mupeze pogwira, kutentha kwakenso kumathandiza. Mitu imakhala mbali yoyang'ana thirakitala, nde ngati malo akuchepa zulani pini yomwe imatsekera bodi pa ngodya yake muzungulize bodiyo iyang'ane kumbuyo musanaike zipika.

Lachitatu, nati yatha ngodya kapena mwatopa nazo basi. Dulani. Kunena zoona ine pa gileda yomwe yakhalitsa sinditaya nthawi ndi mafuta ndi moto, poti mabawuti akalewo sitibwezeraponso, ndimangotenga galainda. Dulani nati chotsika motsata bawuti mbali imodzi kenako ing'ambeni ndi tchizulo, kapena dulani bawuti ndi nati yomwe pafupi ndi bodi koma mosamala kuti disiki isadye bodiyo. Chotsalacho chitulutseni ndi pantchi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Kumenya mbali ya kumutu n'kungodzivutitsa, mutuwo ndi wotambalala sungadutse m'bowo. Ngati kwanu magetsi kulibe kapena azima, tchizulo yakuthwa ndi hamala ya mapaundi 4 zimang'amba nati, zimangofuna mtima wautali.

Chinthu chimodzi musaiwale: mabawuti awiri akumapeto muwamasule koma musawachotse mpaka ena onse atatuluka, kapena lowetsani zitsulo ziwiri m'mabowo kuti mpeni ulendewerepo. Kupanda kutero bawuti yomaliza ikamatuluka mpeni wonse umagwera pa phazi. Pena olo mabawuti onse atachoka mpeni umakhala wamatirira ndi dzimbiri, gogodani kumapeto, musalowetse zala pansi kuti muukoke.

Ndiye za kuwotcherera mpeni pa bodi zija, ndikudziwa wowotcherera akuuzani kuti n'zachangu komanso zotchipa. Mpeni ndi chitsulo cholimba cha kaboni wambiri, bodi ndi chofewa, mukazilumikiza ndi ndodo wamba zowotcherera pamang'aluka m'mbali mwa chowotchereracho ukangogunda mwala woyamba, komanso kutentha kumafewetsa mpeni n'kupinda bodi. Ndipo tsiku loti mutembenuze mudzachita kudula ndi gasi, bodi n'kuonongeka m'munsi monse.

5. Palani pomwe pakhale mpeni.

Ili ndi gawo lomwe anthu amalidumpha chifukwa atopa ndi nambala 4, koma ndi lomwe limapangitsa mabawuti kumasuka sabata yomweyo. Pakati pa mpeni ndi bodi pamakhala makoko a dzimbiri ndi dothi louma. Mukamanga pamwamba pa zimenezo ziwoneka zolimba lero, mawa zikafumbutuka ndi kugwedezeka pamatsala mpata, bawuti iliyonse yakhwepa. Palani ndi tchizulo ndi bulashi kapena galainda mpaka chitsulo chiwale, mbali zonse, bodi ndi kuseri kwa mpeni, komanso m'mabowo a ngodya zinayi aja muchotse dothi lonse. Mabowo a pa bodi akhale ozungulira, lomwe latalika mbali imodzi lidzazeni ndi kuwotcherera mubowolenso. M'munsi mwa bodi ngati mwapindikira kumbuyo muwongole kaye, mpeni wowongoka pa bodi yopindika umathyoka pomanga.

6. Kumanga.

Mbali yomwe mabowo ake ndi olowa mkati ndiyo imayang'ana dothi lokankhidwa, pamenepo simungasokoneze. Potembenuza wakale ndiye kuti mukuuzunguliza, chakumwamba chibwere pansi, kumanja kupite kumanzere, nkhope ikhala yomweyo. Kwezani mpeniwo anthu awiri, lowetsani pantchi m'mabowo akumapeto kuti alunjike. Chala m'bowo ayi, mpeni ukatsetsereka chimatsala momwemo.

Ikani mabawuti onse, onetsetsani kuti khosi lililonse lalowa m'ngodya zake, manati muwamange ndi dzanja kaye onse. Kenako yambani kulimbitsa kuchokera pakati kupita kumapeto, uku kamodzi uku kamodzi, kuti mpeni ugone bwino osatukuka pakati. Mukamaliza ulendo woyamba menyani mutu wa bawuti iliyonse ndi hamala kuti ukhazikike, mudzaona nati yomwe mumati yalimba ikuyendanso, limbitsaninso. Bawuti ya 5/8 ya Grade 8 imafuna mphamvu pafupifupi 270 Nm. Ngati mulibe torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ganizani thumba la feteleza la makilogalamu 50 litapachikidwa kumapeto kwa chogwirira chotalika theka la mita, n'kuonjezera pang'ono. Anyamata atatu kulendewera pa paipi ya mamita awiri si kulimbitsa, bawuti imatamuka n'kudzaduka pa ntchito. Ngati mukuika mawasha akhale afulati olimba.

Mukagwira ntchito maola ochepa oyamba imani mudutsenso ndi soketi mabawuti onse, mawa lakenso chimodzimodzi. Mukapeza bawuti imodzi yaduka tsiku lina, sinthani pomwepo, apo ayi anzake oyandikana nayo amatsatira.

7. Mapini ndi pozungulira.

Mpeni watsopano pa gileda yogwedera ndi kutaya ndalama. Ikadali pa zipika, gwirani kumapeto kwa bodi muikankhe uku ndi uku, m'mwamba ndi pansi. Ikamagogoda fufuzani pomwe pali mpata. Kawirikawiri ndi pa pini yaikulu yapakati pomwe bodi imazungulira, kapena mabowo osankhira ngodya aja atalika, kapena mapini a mikono. Pini yomwe yadyeka mpaka kukhala ndi khosi sinthani, bushi yakutha ichotseni muike ina, nati yaikulu yapakati ilimbitseni mpaka kugwedera kuthe koma bodi izitha kuzungulira.

Mapini a mikono ali ndi masaizi. Saizi ya Category 1 mapini a mikono iwiri yapansi ndi mamilimita 22, wa top link (mkono wapamwamba) 19. Category 2 apansi ndi 28, wapamwamba 25. Gileda zambiri zing'onozing'ono ndi za 1 pomwe thirakitala za m'maesiteti ndi za 2, nde anthu amangolowetsa pini yaing'ono mu bowo lalikulu n'kumapita, mpata wa mamilimita 6 umenewo kumapeto kwa bodi umasanduka kudumpha, msewu n'kutuluka timitumbira tija timagwedeza a kabaza mpaka mano. Mabushi okulitsira pini alipo ndipo ndi otchipa. Potsekera ikani linch pin yeniyeni, kapini kokhala ndi mphete kotsekera pini yaikulu kuti isatuluke, msomali wopinda ndi waya zimaduka. Matcheni a m'mbali mwa mikono akhale okokeka kuti gileda isamapite uku ndi uku kukagunda matayala.

8. Mano ndi mapaipi.

Mano ambiri ali ndi nsonga yosintha yogwidwa ndi kapini, tulutsani kapiniko ndi pantchi muike nsonga ina isanadyeke mpaka kufika pa mwendo wake. Amene alibe nsonga yosintha mutha kuwapaka ndodo za hardfacing kutsogolo, ndodo zowotcherera zolimbitsa pamwamba pa chitsulo.

Ngati gileda yanu ili ndi silinda ya haidroliki, yang'anani mapaipi pomwe akukhuzana ndi chitsulo ndi pomwe ang'aluka ndi dzuwa. Pofufuza podontha gwiritsani katoni, osati dzanja. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono ali ndi mphamvu yoboola khungu, bala lake limaoneka laling'ono koma ndi lothamangira nalo kuchipatala nthawi yomweyo, anthu amaduka nazo zala. Musanamasule paipi tsitsani gileda pansi, zimitsani injini, sunthani liva kutsogolo ndi kumbuyo kuti mphamvu ithe, ndipo pukutani makapulingi musanalumikize, fumbi lolowa pamenepo limakathera mu pampu ya thirakitala.

9. Ming'alu ya pa felemu.

Apa nde wowotcherera uja muitaneni. Muuzeni abowole kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, akumbe mng'aluwo ndi galainda ukhale ngati V, awotcherere ndi ndodo za 7018. Ndodo zimenezi zimayamwa chinyezi, ndipo chinyezi kuno sitichita kusaka, nde zikhale zochokera mu paketi yotseka kapena zoumitsidwa bwino, zonyowa zimasiya timabowo mkati. Kungopaka pamwamba pa mng'alu osakumba kumangobisa. Bola kumasula gileda ku thirakitala musanawotcherere, zikavuta chotsani mawaya a batire ndipo waya wa efi (earth) wa makina owotcherera mumange pafupi ndi pomwe mukuwotcherera kuti magetsi asadutse m'mabering'i ndi mu alternator.

10. Girizi, kenako kayeseni.

Pukutani nipo iliyonse, kamutu kolowetsera girizi, musanapope, popani mpaka girizi wakale wakuda atuluke. Nipo yokana kulandira ichotseni muike ina, si kuti yakhuta. Nthawi ya ntchito yambiri pozungulira pamafuna girizi tsiku lililonse. Pankhope ya mpeni ndi bodi musapake girizi mukamagwira ntchito, amangogwira mchenga, koma mukaimika nyengo yonse pakani oyilo wakutha ndipo muikhazike pa matabwa, isagone pa dothi lonyowa.

Poyesa sankhani msewu wachinyezi pang'ono, tsiku limodzi kapena awiri mvula itagwa, wouma gwa umangodya mpeni ndipo wamatope umangomata. Liwiro likhale la munthu woyenda mofulumira, makilomita 5 kapena 6 pa ola, kuposa apo gileda imayamba kudumpha olo mapini onse ali atsopano. Ngati sikuluma kapena ikuluma mopitirira, sinthani kutalika kwa top link pang'onopang'ono mpaka dothi liyambe kugudubuzika pa bodi. Dothi muzilikokera pakati kuti msewu ukhale ndi msana, masentimita 4 pa mita iliyonse, kutanthauza kuti msewu wa mamita 4 pakati pake pakwere masentimita 8 kuposa m'mbali, madzi azithawira mu ngalande. Ndipo muzisinthasintha mbali yotsogoza, lero ngodya yakumanja mawa yakumanzere, kuti mpeni uzidyeka mofanana.

Mpeni wakale womwe watha mbali zonse musagulitse kwa a zitsulo zakutha msanga. Dulani zidutswa zomwe zili ndi mabowo abwino, zimagwira ntchito ngati zotetezera ngodya za bodi kwa amene amatsegula ngalande kwambiri, mabawuti ake ndi omwewo a 5/8 koma mugule otalikirapo.